Sienta yanga inagunda ng'ombe ku Ngabu: ndikonzetse konkuno kapena ku Blantyre?

"Ndine bambo wa ana anayi, ndimakhala ku Ngabu. Ndili ndi Sienta yomwe ndimanyamulira anthu pakati pa Ngabu, Nchalo ndi Dyeratu, masiku ena mpaka ku Blantyre. Sabata yatha dzuwa litangolowa, ng'ombe inatulukira mumsewu ndipo ndinaigunda ndi mbali ya kumanzere. Palibe amene anavulala kwambiri, koma boneti inapindika, bampala ndi nyali imodzi zinasweka, madzi a mu rediyeta anatayika, ndipo ma airbag onse awiri anaphulika. Chitseko cha kutsogolo kumanzere tsopano chikukhula ndikamatsegula. Mmisiri wa konkuno akuti aimangirira kumtengo, aikoka ndi tcheni, atenthetsa ndi gasi, ndipo pakatha sabata imodzi ikhala ngati yatsopano. Galaja ina ku Blantyre yatchula mtengo wowirikiza katatu, osawerengera ndalama yoinyamulira kumtunda. Inshulansi yanga ndi ya third party. Galimotoyi ndiye munda wanga. Ndichite bwanji?"

Pepani kwambiri ndi ngoziyi, bambo. Ng'ombe za kuchigwa kuno ndi zikuluzikulu, ndipo kawirikawiri ikagundidwa miyendo imagwera pa boneti n'kulowa pagalasi la kutsogolo. Inu ndi anthu amene munanyamula mwatuluka mukuyenda, chimenecho ndi chachikulu. Ngati khosi, chifuwa kapena mutu zikuwawabe, pitani kuchipatala cha Ngabu kapena ku St Montfort ku Nchalo akakuoneni, chifukwa ululu wa ngozi umakonda kudzuka patapita masiku. Za galimoto mtima ukhale m'malo. Ndakhala ndikuwongola magalimoto kwa zaka zoposa 20, ndinaphunzirira ku Blantyre kenako n'kutsikira kuno, ndipo ambiri ogunda ng'ombe motere amabwerera pamsewu bwinobwino. Nkhani yagona pa dongosolo la ntchito, kuti chiyambe n'chiti ndipo ndalama yanu yochepayo igwere pati.

Pa zonse mwatchulazi, chimene chandigwira mtima ndi chitseko chija. Boneti, bampala ndi nyali ndi khungu chabe, zimamasuka ndi mabawuti. Chitseko chokhula chikhoza kukhala chikunena za mafupa. Sienta siinapangidwe ngati Hilux kapena lole. Hilux ili ndi chasisi payokha, zitsulo ziwiri zikuluzikulu zochokera kutsogolo kukafika kumbuyo, ndipo bodi imangokhala pamwamba pake. Sienta, Probox, Vitz ndi Passo zilibe chasisi yotere. Bodi yeniyeniyo ndiye chasisi. Kutsogolo kuli zitsulo ziwiri zangati mabokosi zomwe timazitcha miyendo ya chasisi, zimanyamula injini ndiponso zimagwira matayala a kutsogolo, ndipo zinawotchereredwa kumodzi ndi pansi pa galimoto, mizati ya zitseko ndi denga. Opanga galimoto anachita dala kuti nsonga za miyendoyi zizikhwinyata pangozi, kuti mphamvu ya kugundako ithere m'chitsulo isanafike pa mawondo anu. Tsono funso loyamba ndi lakuti mphamvuyo inakathera pati.

Mwina yankho ndi lopepuka. Nthawi zambiri madigadi amangokankhikira m'mbuyo n'kumakhudza m'mphepete mwa chitseko, ndipo mukawamasula chitseko chimatseguka ngati kale. Koma mwinanso mwendo wa kumanzere unabwerera m'mbuyo n'kukankha mzati umene chitseko chimapachikikapo. Zinthu ziwirizi kunja zimaoneka chimodzimodzi, pomwe mitengo yake ndi yotalikirana kwambiri. N'chifukwa chake sindikhulupirira mtengo uliwonse wotchulidwa galimoto isanavulidwe, kaya wa konkuno kaya wa ku Blantyre. Lipirani tsiku limodzi lokha loti mmisiri achotse bampala, nyali, madigadi onse awiri, boneti ndi rediyeta, inu muli pomwepo. Kenako ayeze.

Kuyeza kwake sikufuna makina odula. Galimoto iime pamalo a simenti osapendekeka. Mu chipinda cha injini muli mabowo ndi mabawuti amene ali pamalo ofanana kumanja ndi kumanzere. Mmisiri atenge tepi, ayeze mopingasa kuchoka pa bawuti ya pamwamba pa shock ya kumanja kukafika pa bowo la kunsonga kwa mwendo wa kumanzere, kenako ayeze mopingasa mbali inayo. Mizere iwiriyi iyenera kufanana, ndipo ikasiyana ndi mamilimita oposa 3 ndiye kuti kutsogolo kwapotoka. Ayezenso kuchoka pakati pa tayala la kutsogolo kukafika pakati pa la kumbuyo, mbali zonse ziwiri, chiwongolero chitawongoka. Inu gwirani tochi muunike mwendowo kuyambira kunsonga mpaka pamene ukulowera pansi pa dashibodi. Pamene penti yatukumuka kapena yasendeka yokha, pamene phala lomatira m'malumikiziro lang'ambika, pamenepo chitsulo chinasuntha. Onaninso padenga pamwamba pa chitseko, ndipo tukulani kapeti ya pansi pa mapazi a wokwera kutsogolo. Kakhwinya kakang'ono pamalo awiri amenewa kamatanthauza kuti mphamvu inadutsa chipinda cha injini n'kufika pokhala anthu.

Tsopano za mtengo ndi tcheni. Sindinyoza njirayi, inenso ndakokerapo magalimoto pamitengo ndisanagule zipangizo, ndipo kuchigwa kuno kuli amisiri a manja abwino zedi. Mfundo yake ndi yoona: chitsulo chimabwezedwa pochikoka pang'onopang'ono kulowera kumene nkhonya inachokera, uku mukuchimenya ndi nyundo mozungulira popindikapo kuti chimasuke. Vuto lili pa kumanga. Pa benchi yowongolera, galimoto imapanidwa malo anayi pansi pa zitseko, kotero mphamvu yonse ya tcheni imathera pa chitsulo chopindika chokhacho. Pamtengo galimoto imamangidwa kumbuyo n'kukokedwa kutsogolo, ndipo bodi yonse imalowa m'mpikisano wokokana. Chimene chimagonja poyamba si nthawi zonse chimene chinapindika. Pa Sienta zimaonekera msanga pa zitseko zake zotsetsereka za kumbuyo, zimayamba kukakamira panjanji pomwe ngozi siinazikhudze n'komwe. Ngati chapindika ndi chitsulo chogwira rediyeta ndi nyali, kapena nsonga yeniyeni ya mwendo, tcheni ndi jeke wa mafuta zikwanira m'manja mwa munthu woleza mtima amene akuyeza akakoka pang'ono paliponse. Kupitirira apo pamafunika benchi.

Palinso kusiyana pakati pa kupindika ndi kuthyoka. Taganizani za bango la m'mphepete mwa Shire. Likaweramira ndi mphepo mukhoza kulidzutsa, koma likathyoka n'kupanga ngodya, ngakhale muliwongole lioneke bwino, pothyokapo sipadzakhalanso mphamvu. Mwendo wa chasisi ulinso chomwecho. Wopindika mwa uta umawongoka. Wokhwinyata mpaka kupanga mzere wakuthwa umadulidwa, n'kuikapo wina wochokera pa galimoto yophwasulidwa, polumikiza m'malo amene a fakitale analumikiza.

Mawu amene andidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi akuti "atenthetsa ndi gasi". Magalimoto a makedzana anali ndi chitsulo chokhuthala chofewa chimene chinkapirira moto. Magalimoto a masiku ano ali ndi chitsulo chopyapyala koma cholimbitsidwa kufakitale, ndipo mukachitenthetsa mpaka kufiira kulimba kuja kumachoka osabwereranso. Chimawongoka mosavuta, inde, mmisiri n'kumaliza msanga, koma chatsala ndi chitsulo chotopa. Zaka zingapo zapitazo anandibweretsera Probox ya bambo wina wogula mpunga ndi nyemba ku East Bank, kutsidya kwa Shire. Inakonzedwa pa galaja ina itagunda ngolo, ndipo kunja inali yokongola. Patangotha miyezi yochepa ikuyenda m'mabampu a kutsidyako, mwiniwake anayamba kumva kulira "kwe, kwe" akamakhota. Titachotsa madigadi tinapeza mwendo wang'aluka pafupi ndi pogwira injini, pamalo pomwe panali pakuda ndi moto, atapakapo fila, phala lija lotsekera zibowo pa bodi, ndi penti yakuda kuti pasaoneke. Bamboyo ankanyamula banja lake m'galimoto imeneyo. Muuzeni mmisiri wanu mosabisa kuti pa miyendo ya chasisi ndi pa mizati lawi la gasi lisafikepo. Zitsulo zimenezi ziwongoledwe zozizira, ndipo polumikiza agwiritse ntchito makina owotcherera a waya omwe ambiri timawatcha a CO2. Asanayambe kuwotcherera achotse batire, apo ayi kompyuta ya injini ikhoza kupsa, ndipo atalikitse mapaipi a petulo.

Zitsulo zogwira tayala ndi zokhotetsera, monga tayirodi, mkono wa pansi wogwira tayala, shock ndi habu, zikapindika siziwongoledwa. Zimasinthidwa basi. Inu mumatsika phiri la Chikwawa mutanyamula anthu, ndipo mukudziwa nokha mmene makona a pamenepaja alili musanafike pa Thabwa. Tayirodi yowongoledwa ndi nyundo ikhoza kukuthyokerani pakona imodzi mwa amenewo.

Rediyeta gulani ina, yatsopano kapena yakale yabwino, limodzi ndi fani ngati inasweka. Yomatamata ikhoza kukhalitsa kwina kozizira, koma kuno mu October ndi November kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo kuchoka pa mlatho wa Kamuzu pa Shire kukafika ku Blantyre galimoto imakwera kuchokera pa mamita pafupifupi 100 kufika pa 1,000 ndi kupitirira. Pamenepo m'pamene rediyeta yofooka imaulula. Ngati munayendetsabe galimoto madzi atatayika, ngakhale mtunda waufupi, makaniko ayese injini kaye musanawononge ndalama pa bodi, chifukwa gasiketi ya hedi ikhoza kukhala itapsa. Ndipo ikafunika kupita kumtunda, ikwezeni pa lole kapena pa galimoto yonyamula zinzake. Kuikoka ndi chingwe matayala a kutsogolo akugudubuzika pansi kumawononga giyabokosi ya automatic, komanso injini ikazima mabuleki amauma.

Ma airbag ndi pamene anthu ambiri amabedwa, ena amadzibera okha. Airbag yophulika siipindidwanso n'kubwezeredwa. Pamafunika ina, chivundikiro chake, kawirikawiri ndi kabokosi kamene kamalamula kuti iphulike. Malamba a mipando ya kutsogolo nawonso ali ndi kachipangizo kamene kamaphulika kamodzi kokha kuti lamba akukokereni kumpando, ndiye ngati malamba anu anauma kapena akulendewera osabwerera, asinthidwe. Ndaonapo ziwongolero zoikidwa nsanza m'kati n'kumatidwa bwinobwino, babu la chenjezo atalichotsa. Kuyesa kwake n'kosavuta. Mukatembenuza kiyi, nyali ya airbag pa dashibodi iyenera kuyaka kwa masekondi angapo kenako n'kuzima yokha. Ikapanda kuyaka n'komwe, kapena ikangoyakabe, pali chimene sichili bwino. Ntchito imeneyi ndi ya munthu wa zamagetsi amene ali ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto. Owerenga amene muli ndi Aqua, Prius kapena Sienta ya hybrid yomwe inayamba kutuluka mu 2015, mawaya okutidwa ndi mtundu wa lalanje ali ndi magetsi oti akhoza kupha munthu, musalole aliyense wosaphunzira za magalimoto oyendera petulo ndi magetsi amenewa kuwagwira kapena kuwotcherera pafupi nawo.

Mafupa akakhala m'malo mwake, m'pamene timafika pa khungu. Boneti yopindika pakati ndi bwino kugula ina kwa ogulitsa zipangizo za magalimoto ophwasulidwa ku Limbe kapena ku Ndirande, chifukwa ili ndi zitsulo ziwiri zomatikizana ndipo cham'kati sichibwerera bwino. Loko wake ndi mahinji aonedwe mosamala, boneti yotseguka galimoto ikuthamanga imaphimba galasi lonse. Madigadi akhoza kuwongoka. Mmisiri weniweni amatsamiritsa kachitsulo kolemera kuseri, n'kumamenya ndi nyundo yopepuka kuyambira m'mphepete mwa chibowo kulowera pakati, mpaka chikhatho chikamadutsapo chisamve phiri kapena dzenje. Fila amabwera pamapeto kudzatseka timabala ta nyundo, ndipo asakhuthale kupitirira mamilimita 3. Waulesi amadumpha nyundo n'kudzaza chibowo chonse ndi fila. Tsiku lotenga galimoto mumasangalala, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Dzuwa la kuno limafutukula chitsulo masana, usiku chimabwerera, fila wokhuthala satsatira, ndipo pakatha chilimwe chimodzi amang'aluka, madzi n'kulowa, dzimbiri n'kuyamba kudya kunsi. Tengani maginito a sipika yakale, muwakulunge m'kansalu, muwayendetse pamalo pokonzedwapo. Pamene akukana kugwira pali fila wambiri. Koma njira yabwino koposa ndi kupita kukaona galimoto isanapakidwe pulayima, chitsulo chidakali poyera.

Kupopera penti kuchigwa kuno kuli ndi nzeru zake. Kukatentha kwambiri penti imauma ili m'malere isanafike pa chitsulo, ndipo imatuluka yokhakhala ngati khungu la lalanje. Wodziwa ntchito amapopera m'mamawa, amagula thina wosungunulira penti ndi hadena woilimbitsa zouma pang'onopang'ono, amathira madzi pansi kuti fumbi lisadzuke, ndipo amatchinga malowo ndi mapepala apulasitiki. Kupopera usiku pa getsi kumaitana tizilombo tonse ta m'minda ya nzimbe kudzamatirira pa boneti. Mtundu wa penti musausankhe ndi maso. Pa kapuleti ka fakitale, mu chipinda cha injini kapena pa mzati wa chitseko, pali nambala yake: pa Toyota 040 ndi yoyera wamba, 070 ndi yoyera yonyezimira, 1F7 ndi yasiliva. Ngakhale nambala ikhale yolondola, penti yakale inasuluka kale ndi dzuwa, choncho mmisiri apopere kaye pa kachitsulo koyesera, akayerekeze panja, kenako amwazire yatsopanoyo pang'ono pa chitseko choyandikana kuti diso lisaone malire. Kwa amisiri anzanga, makamaka anyamata amene mukuwaphunzitsa: hadena amene timasakaniza mu penti yotchedwa 2K amawononga mapapo, ndipo kansalu komanga pamphuno sikateteza kanthu. Gulirani ana amenewa masiki enieni okhala ndi zosefera mpweya.

Chimene chimaiwalika kwambiri ndi kuseri kwa chitsulo. Paliponse powotcherera penti ya fakitale imapsa mbali zonse ziwiri. Pamafunika pulayima woletsa dzimbiri, phala lomatira m'malumikiziro, ndi phula lakuda la pansi pa galimoto. Tonse tinaona madzi a mu January 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, ndipo ngakhale chaka chopanda chigumula galimoto ya kuno imawoloka matope miyezi ingapo. Matope akalowa m'bokosi la mwendo wosatetezedwa amakhala momwemo, ndipo dzimbiri limayambira m'kati momwe simukuona.

Ndiye ndikanakhala inu ndikanachita motere. Vulitsani galimoto konkuno ndi kuiyeza. Mizere ija ikafanana, kapena chopindika chikakhala kunsonga kokha, mmisiri wa kwanu agwire ntchito yonse, popanda lawi pa miyendo, ndipo musamukakamize sabata imodzi. Ntchito yotere ikamayenda bwino imadya masabata awiri kapena atatu, podikira zipangizo ndi kuumitsa. Mwendo ukakhala kuti wakhwinyata, kapena pogwira shock pasuntha, pitani nayo kumene kuli benchi, koma simukakamizidwa kugula zonse kumeneko. Pemphani mtengo wa kuwongola mafupa, zitsulo za matayala, ma airbag ndi alayimenti zokha. Zotsalazo adzamaliza wa kwanu. Ndalama ikaperewera, yendani miyezi iwiri ndi boneti ya mtundu wina, okwera pa Dyeratu sakana galimoto chifukwa cha boneti yabuluu. Penti ikhoza kudikira, koma mabuleki, chiwongolero, malamba ndi nyali sizidikira. Mukapeza makwinya padenga, pa mzati kapena pansi pa mapazi, khalani pansi ndi cholembera. Mtengo wokonzera ukayandikira mtengo wogulira Sienta ina ya zaka zomwezo, kugulitsa iyi kwa ophwasula n'kuonjezera ndalama kukupindulirani, chifukwa injini, giyabokosi ndi zitseko zake zili ndi msika.

Pa za inshulansi, third party siilipira kukonza galimoto yanu, imayang'ana amene mwawavulaza kapena kuwawonongera katundu. Komabe tengani lipoti la apolisi ngati simunatenge, ndipo dziwitsani kampani yanu msanga, chifukwa pali nkhani ya ng'ombe ndi ya anthu amene munanyamula. Zokambirana zilizonse ndi mwini ng'ombe zichitike pamaso pa apolisi kapena amfumu, ndipo zilembedwe. Amene muli ndi comprehensive, inshulansi yolipiranso galimoto yanu, musamasule ngakhale bawuti imodzi woyeza wa kampani asanaone galimoto, mukhoza kutaya malipiro anu.

Ndi mmisiri aliyense amene mungasankhe, lembani papepala ntchito yoti igwiridwe, zipangizo zoti zigulidwe ndi tsiku lomaliza. Musapereke ndalama yonse patsogolo. Perekani ya zipangizo, ina mafupa akawongoka inu mutayezanso, yotsala potenga galimoto. Jambulani ndi foni sitepe iliyonse, ndipo zitsulo zakale zonse akubwezereni m'thumba, ndi umboni wakuti anasinthadi.

Tsiku lotenga, pitani masana. Mipata ya pakati pa boneti, madigadi ndi zitseko ikhale yofanana mbali zonse, zitseko zonse zitseke ndi dzanja limodzi, nyali ziwalire pamsewu osati m'maso mwa anzanu. Yendani nayo pamalo owongoka pakati pa Ngabu ndi Nchalo musananyamule munthu aliyense. Chiwongolero chikhale pakati, galimoto isakokere mbali imodzi, ndipo mukaponda buleki isapatuke. Isiyeni ikulira kwa mphindi 20 muone ngati fani ikudzuka yokha. Pakatha masabata awiri yendetsani chikhatho pa matayala a kutsogolo. Limodzi likayamba kudyeka m'mphepete pomwe alayimenti inachitika, bwererani msanga, chifukwa pali chitsulo chimene chidakali chopotoka. Onetsetsaninso kuti COF yanu, chiphaso chakuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ili m'nthawi yake musanabwerere pa siteji.

Mukavula madigadi aja, ndilembereninso. Mundiuze manambala a mizere iwiri yopingasa, mtunda wa pakati pa matayala kumanja ndi kumanzere, komanso ngati chitseko chamasuka madigadi atachoka. Ndi zitatu zimenezo ndidzatha kukuuzani ngati lole yopita ku Blantyre ikufunika.